Kampani Ikagulidwa: Chuma ndi Moyo wa Amene Anaiyambitsa

Makampani ambiri a luso lamakono amene amabadwa ku California, ku London, ku Lagos kapena ku Cape Town amafa asanakhwime. Ochepa amene amapulumuka kawirikawiri amathera pa imodzi mwa njira ziwiri: kuika masheya awo pamsika kuti aliyense wofuna agule, kapena kugulidwa ndi kampani ina yaikulu. Njira yachiwiriyi ndiyo yofala, ndipo ndi imene imasandutsa munthu amene wakhala zaka zambiri akudzilipira malipiro ochepa kukhala mpondamatiki tsiku limodzi. Mu Febuluwale 2014 Facebook inalengeza kuti ikugula WhatsApp pa mtengo wa $19 biliyoni. Panthawiyo WhatsApp inali ndi antchito pafupifupi 55 okha. Mmodzi mwa eni ake, Jan Koum, anachoka ku Ukraine ali ndi zaka 16, ndipo atafika ku Mountain View ku California iye ndi mayi ake ankadalira thandizo la boma pa chakudya. Tsiku la malonda anatenga mapepala n'kukawasainira pachitseko cha nyumba imene kale inali ofesi yolandirirako thandizolo.

Nkhani zotere manyuzipepala amazikonda, ndipo kawirikawiri amazithera pomwepo. Koma kusaina ndi chiyambi cha ntchito ina imene woyambitsa kampani sanaiphunzirepo: kuwerengera zimene zamutsaliradi, kudikira kuti zifike, kuzisunga, ndi kupeza chochita m'masiku amene kale ankadzaza okha.

Mtengo wolengezedwa ndi ndalama zofika m'thumba

Mlimi wa fodya amadziwa kuti mtengo umene belo lake lagulidwa ku okushoni si ndalama zimene akazipeze ku banki. Pepala la malonda likamatuluka, ngongole ya feteleza, mayendedwe ndi timisonkho tosiyanasiyana zimakhala zitadyapo kale. Kwa woyambitsa kampani, kudyapoku kumayamba zaka zambiri malonda asanachitike. Kampani yongoyamba kumene imafuna mpamba wolipirira antchito isanayambe kupanga phindu, ndipo banki siikongoza munthu amene chikole chake ndi maganizo okha. Mpambawo umachokera kwa amalonda amene ntchito yawo ndi kuika ndalama m'makampani ang'onoang'ono, malonda otchedwa venture capital. Iwo sakongoza ayi, amagula gawo la kampani. Ulendo uliwonse umene kampani yalandira ndalama zotere pamapangidwa masheya atsopano, choncho gawo la woyambitsa limanka licheperachepera. Kampani ikalandira mpamba maulendo anayi kapena asanu, si zachilendo kupeza kuti onse amene anaiyambitsa, ngakhale ataphatikiza magawo awo, sakufika pa 20 peresenti. Amene amatsala ndi gawo lalikulu ndi amene kampani yawo inayamba kupanga phindu msanga. Markus Persson wa ku Sweden, amene anapanga gemu ya pakompyuta ya Minecraft, anali akadali ndi pafupifupi 70 peresenti ya kampani ya Mojang pamene Microsoft inaigula pa $2.5 biliyoni mu 2014, chifukwa gemuyo inkayenda malonda yokha ndipo sanafunikire mpamba wa anthu ena.

Kuchepa kwa gawo ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi funso loti ayambe kulandira ndani. Oika mpamba amagula masheya a mtundu wapadera, amene pangano lake limati kampani ikagulitsidwa iwo ayambe abwezeredwa zonse zimene anaika, nthawi zina ndi phindu pamwamba, kenako oyambitsa ndi antchito agawane zotsala. Kampani ikagulidwa pa mtengo wokwera, palibe amene amaikumbukira ndime imeneyi. Ikagulidwa motsika, ndimeyi imameza zonse. FanDuel, kampani ya mipikisano ya pa intaneti yolosera zamasewera imene Nigel Eccles ndi anzake anaiyambitsa ku Edinburgh mu 2009, inaphatikizidwa ndi nthambi ya ku America ya Paddy Power Betfair mu 2018, itaikidwa pa mtengo wa $465 miliyoni. Ndalama zimene oika mpamba anali ndi ufulu woyamba kulandira zinali zoposa pamenepo, moti oyambitsa ndi antchito a masheya wamba anatuluka chimanjamanja, ndipo nkhani inakafika kukhoti. Wowerenga nyuzipepala tsiku limenelo akanaganiza kuti ku Scotland kwawonjezeka anthu olemera.

Palinso nkhani ya mtundu wa malipiro. Wogula salipira zonse ndi ndalama zenizeni. Kawirikawiri gawo lalikulu amalipira ndi masheya a kampani yake, ndipo mtengo wa masheya umasintha tsiku ndi tsiku. Facebook itagwirizana zogula Instagram mu Epulo 2012, dziko lonse linamva za $1 biliyoni. Ndalama zenizeni zinali $300 miliyoni, zotsalazo zinali masheya pafupifupi 23 miliyoni a Facebook. Masheyawo anatsika mtengo miyezi yotsatira, kotero pofika tsiku lomaliza malonda zonse pamodzi zinali pafupifupi $715 miliyoni. Kwa WhatsApp mphepo inaomba kwina: pa $19 biliyoni ija, ndalama zenizeni zinali $4 biliyoni zokha, ndipo popeza masheya a Facebook anakwera, pofika Okutobala 2014 mtengo wonse unali utayandikira $22 biliyoni.

Amene anamvetsa bwino kuopsa kwa malipiro otere ndi Mark Cuban. Mu 1999 Yahoo inagula kampani yake ya Broadcast.com pa $5.7 biliyoni, zonse m'masheya. Cuban sanadikire kuona mmene msika uyendere. Anapangana ndi banki kuti masheya ake akatsika kupitirira mtengo wina azikhalabe ndi ufulu wowagulitsa pa mtengowo, ndipo posinthanitsa anavomera kutaya phindu lililonse akakwera kupitirira mlingo wina wapamwamba. Kwa kanthawi masheya a Yahoo anapitiriza kukwera ndipo Cuban ankaoneka wamantha. Kenako msika wa makampani a intaneti unagwa mu 2000, ndipo pofika 2001 masheya a Yahoo anali atataya zoposa 90 peresenti ya mtengo wake. Chuma cha Cuban chinatsala chili chilili. Mu Januwale 2000 anali atagula kale timu ya basketball ya Dallas Mavericks pa $285 miliyoni.

Ngakhale zimene zatsalazo sizibwera tsiku limodzi. Gawo lina, nthawi zambiri pafupifupi 10 peresenti, limasungidwa pambali kwa chaka kapena chaka ndi theka, kuti ngati wogula apeza ngongole yobisika kapena mlandu umene sanauzidwe, atengepo. Gawo lina limalipidwa pokhapokha kampani ikafika pa mlingo wa malonda umene anagwirizana, ndipo apa mikangano siichedwa, chifukwa amene akuyendetsa zinthu tsopano ndi wogula, pamene amene akudikira malipiro ndi wogulitsa. Pamwamba pa izi wogula amafuna kuti woyambitsa asachoke msanga, choncho amamugawira masheya pang'onopang'ono kwa zaka zitatu kapena zinayi. Akachoka nthawi isanakwane, zotsalazo wazitaya.

Zaka zimenezi zimawawa kwa ambiri. Munthu amene ankalamula yekha amapezeka ali ndi bwana, akupempha chilolezo kuti alembe ntchito munthu mmodzi. Brian Acton, mnzake wa Koum, anasemphana maganizo ndi akuluakulu a Facebook pa nkhani yoika zotsatsa malonda mu WhatsApp, ndipo anachoka mu Seputembala 2017, n'kusiya masheya a ndalama pafupifupi $850 miliyoni amene akanawalandira akanapirira chaka china. Chaka chotsatira anaika $50 miliyoni m'bungwe la Signal, limene limapanga pulogalamu yopikisana ndi WhatsApp yomweyo. Koum analengeza zochoka mu Epulo 2018, ndipo Kevin Systrom ndi Mike Krieger a Instagram anachoka mu Seputembala chaka chomwecho.

Kenako boma limabwera kudzatenga gawo lake. Ku America msonkho wa phindu la pa masheya amene munthu wakhala nawo koposa chaka umafika 20 peresenti, kuwonjezapo wina wa 3.8 peresenti, ndipo boma la California limatenganso mpaka 13.3 peresenti. Kuphatikiza zonse, ndalama zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu zimapita. Pali lamulo lochepetsera oyambitsa makampani ang'onoang'ono, limene mu 2024 linkati akasunga masheya kwa zaka zisanu, $10 miliyoni yoyamba ya phindu isadulidwe msonkho wa boma lalikulu. Ku Britain kunali chifundo chofanana nacho pa phindu lofika £10 miliyoni, koma mu 2020 mlingowo unatsitsidwa kufika pa £1 miliyoni. N'chifukwa chake ena amasamuka malonda asanachitike, kupita ku Texas, ku Florida kapena ku Nevada, kumene boma la chigawo silidula msonkho wotere. Eduardo Saverin, mmodzi mwa amene anayambitsa Facebook, anasiya unzika wa America mu 2011 atakhazikika kale ku Singapore, kampaniyo isanalowe pamsika wa masheya, ngakhale iye anakana kuti chifukwa chake chinali msonkho.

Kum'mwera kuno kwa Africa vuto limakhalanso la kutulutsa ndalama m'dziko. Mark Shuttleworth anayambitsa kampani ya Thawte ku Cape Town mu 1995, yoona za chitetezo cha malonda a pa intaneti, ndipo VeriSign inaigula kumapeto kwa 1999 pa mtengo wa pafupifupi $575 miliyoni. Atasamuka m'dzikomo n'kufuna kutulutsa chuma chake chotsala, banki yaikulu ya South Africa inamulipiritsa 10 peresenti, imene inali pafupifupi R250 miliyoni. Anasuma, anapambana kukhoti la apilo mu 2014, koma khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula mokomera bankiyo mu 2015.

Kusunga zimene zatsala

Ndalama zikafika, funso loyamba limaoneka lachibwana: zisungidwe kuti? Ku America boma limateteza ndalama za mu akaunti mpaka $250,000 pa munthu mmodzi m'banki imodzi, ndipo zoposa apo zikhoza kupita banki ikagwa. Ambiri ankaona ngati lamuloli ndi la m'mabuku chabe mpaka mu Malichi 2023, pamene Silicon Valley Bank, imene inkasunga ndalama za makampani ambiri ongoyamba kumene ndi za eni ake, inatsekedwa Lachisanu anthu atathamangira kukatapa ndalama zawo. Boma linalengeza Lamlungu madzulo kuti liteteza onse, koma masiku awiri apakatiwo anthu olemera ambiri sanaone tulo.

Malangizo amene akatswiri amapereka ndi amodzimodzi kulikonse: chuma chimwazidwe m'malo ambiri. Zina ziikidwe m'masheya a makampani mazanamazana nthawi imodzi, zina zikongozedwe ku boma kuti zizibereka chiwongoladzanja, zina zigwiritsidwe ntchito pogula nyumba ndi malo. Alangizi a m'mabanki amalipiritsa pafupifupi 1 peresenti pa chaka, imene imamveka yochepa mpaka munthu atawerengera kuti pa $50 miliyoni ndi $500,000 chaka chilichonse, msika ukwere kapena utsike. Amene chuma chawo chapitirira $100 miliyoni nthawi zambiri amatsegula ofesi yawoyawo, yokhala ndi akauntanti, loya ndi katswiri wa masheya, imene ntchito yake ndi kuyang'anira chuma cha banja limodzi lokha. Pa nkhani ya mmene angadyere, ambiri amayambira pa kafukufuku wa William Bengen wa mu 1994, amene anasonyeza kuti munthu akamatapa 4 peresenti ya chuma chake pa chaka, n'kumawonjezera molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, chumacho chikhoza kumufikitsa zaka 30. Pa $10 miliyoni ndiye kuti $400,000 pa chaka. Ndi ndalama zambiri, koma si za ndege yakeyake. Ndiponso kafukufukuyo anali wa anthu opuma pa ntchito atakalamba, pamene woyambitsa kampani akhoza kugulitsa ali ndi zaka 30, kutsogolo kukadali zaka 50 kapena 60.

Malangizowa ndi osavuta kumva koma ovuta kutsata, ndipo chifukwa chake chili m'khalidwe la munthuyo. Analemera chifukwa anaika zonse pa chinthu chimodzi, anthu akumuuza kuti akulakwitsa. Tsopano akuuzidwa kuti achite zosiyana ndi zimene zinamulemeretsa, ndipo womuuzayo ndi wolembedwa ntchito wa banki amene sanayambitsepo kanthu. Elon Musk, wobadwira ku Pretoria, analandira $22 miliyoni Compaq itagula Zip2 mu 1999, kenako ndalama zoposa $170 miliyoni eBay itagula PayPal pa $1.5 biliyoni mu 2002. Pafupifupi $100 miliyoni anaiika m'kampani yake ya maroketi ya SpaceX ndipo zambiri mwa zotsala anaziika m'kampani ya magalimoto amagetsi ya Tesla. Pofika 2008 maroketi atatu oyamba anali atalephera, Tesla inali pafupi kulephera kulipira antchito, ndipo iye mwini ankakongola kwa anzake. Roketi yachinayi inauluka mu Seputembala, ndipo mu Disembala NASA inapatsa SpaceX kontirakiti ya $1.6 biliyoni. Nkhaniyi imakambidwa ngati phunziro la kulimba mtima, koma ndi phunziro lonyenga: amene anachita chimodzimodzi roketi yawo yachinayi n'kugwa salembedwa m'mabuku.

Njira yapakati imene ambiri amatsata ndi kuika ndalama zochepa m'makampani a achinyamata ena. Peter Thiel, mnzake wa Musk ku PayPal, anaika $500,000 mu Facebook mu 2004, ndipo mu 2012 anagulitsa masheya ake ambiri pa ndalama zoposa $1 biliyoni. Anthu ena a ku PayPal anayambitsa makampani awo: Reid Hoffman anayambitsa LinkedIn, ndipo Chad Hurley, Steve Chen ndi Jawed Karim anayambitsa YouTube, imene Google inaigula pa $1.65 biliyoni mu 2006. Umu ndi mmene malonda a kampani imodzi amaberekera makampani ena khumi m'dera lomwelo, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Silicon Valley, dera la makampani a luso lamakono ku California, yakhalira yovuta kuitsanzira. Komabe ndalama zambiri zoikidwa motere sizibwerera, ndipo zimene zimabwerera zimatenga zaka zisanu ndi ziwiri kapena khumi.

Kuwononga nako kuli ndi masamu ake. Mu Disembala 2014 Persson anagula nyumba ku Beverly Hills pa $70 miliyoni, ya zipinda zogona 8, zipinda zosambira 15, chipinda choonetsera magalimoto ndi china chodzaza maswiti. Mtengo wogulira ndi poyambira chabe. Msonkho wa nyumba ku California ndi pafupifupi 1 peresenti pa chaka, ndiye kuti $700,000 asanalipire mlonda, wosamalira maluwa kapena inshulansi. Kwa Persson izi zinali zochepa. Kwa munthu amene watsala ndi $15 miliyoni koma akucheza ndi a $500 miliyoni, kutsanzira kotere ndiko kumamaliza chuma. Ena safuna kugulitsa masheya poopa msonkho, choncho amawapereka ngati chikole n'kukongola ndalama zodyera, popeza ngongole siidulidwa msonkho. Zimayenda bwino masheya akamakwera. Akagwa, banki imafuna chikole china kapena kuwagulitsa pa mtengo wotsikawo.

Masiku opanda ntchito

Za ndalama zili ndi akatswiri ake oti munthu awalembe ntchito. Zimene zilibe katswiri ndi Lolemba m'mawa. Kwa zaka khumi kampani ndiyo inkauza woyambitsa nthawi yodzuka, anthu okumana nawo, ndi chifukwa chokanira maitanidwe a ukwati. Anzake ambiri anali antchito ake, oika mpamba kapena makasitomala. Dzina lake linkayenda limodzi ndi la kampani. Zonsezi zimagulitsidwa pamodzi ndi masheya, ngakhale sizilembedwa m'pangano. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene intaneti inkalemeretsa achinyamata ambiri ku San Francisco, akatswiri a za maganizo Stephen Goldbart ndi Joan DiFuria anayamba kulandira anthu odandaula zofanana: kusowa tulo, kudziona olakwa pamaso pa anzawo osauka, kukayikira aliyense wowayandikira, ndi manyazi oti sangadandaule poyera chifukwa palibe angawamvere chisoni. Vutoli analitcha sudden wealth syndrome, kutanthauza kusokonezeka kobwera ndi chuma chadzidzidzi.

Persson anazinena poyera. Mu Ogasiti 2015, pasanathe chaka chigulitsireni Mojang, analemba pa Twitter kuti ngakhale ankacheza ndi anthu otchuka ku Ibiza, sanakhalepo yekhayekha chonchi, ndiponso kuti anzake akale amakhala ali kuntchito kapena ndi mabanja awo pamene iye akungodikira. Ambiri anamuseka. Mu 2019, chifukwa cha zina zimene ankalemba pa intaneti, Microsoft inachotsa mawu otchula dzina lake pa tsamba loyambira la Minecraft ndipo sinamuitane ku chikondwerero cha zaka khumi za gemuyo. Analibe ponena, pakuti chinthucho sichinalinso chake. Vinay Hiremath, mmodzi mwa amene anayambitsa Loom, imene Atlassian inaigula pa $975 miliyoni mu 2023, anakana kukhalabe pa ntchito ngakhale zimenezi zinamutayitsa pafupifupi $60 miliyoni, ndipo pambuyo pake analemba nkhani yovomera kuti walemera koma sakudziwa chochita ndi moyo wake.

Maubale nawo amagwedezeka. Mtengo wa malonda umalengezedwa poyera, ndipo achibale ndi anzake a kusukulu amawerengera okha, nthawi zambiri mopitirira, popeza sadziwa za oika mpamba, za msonkho ndi za masheya odikirira. Mapempho amayamba: fizi, chipatala, mpamba wa bizinesi. Akapereka, ubale umasanduka wa wopereka ndi wolandira. Akakana, amatchedwa wodzikonda. Alangizi ambiri amauza anthu otere kuti apatule ndalama za chaka zothandizira abale, ndipo zimene apereka aziyese mphatso, osati ngongole yodikira kubwezedwa. M'banja, mkazi kapena mwamuna amene anazolowera kuyendetsa nyumba yekha amapezeka ali ndi mnzake wongokhala pakhomo tsiku lonse, wozolowera kulamula. Banja likatha, ku California chuma chopezedwa anthu ali m'banja chimagawidwa pakati, pokhapokha ngati panali pangano lina ukwati usanachitike.

Kumene amalowera

Owerengeka okha ndi amene amapumadi. Tom Anderson, mmodzi mwa amene anayambitsa MySpace, imene News Corporation inaigula pa $580 miliyoni mu 2005, anachoka patapita zaka zingapo n'kuyamba kuyendayenda m'maiko akujambula zithunzi za mapiri ndi nyanja. MySpace yomweyo inagulitsidwanso mu 2011 pa ndalama pafupifupi $35 miliyoni. Ambiri amabwerera kukayambitsa kampani ina, ndipo kupambana koyamba sikulonjeza kwachiwiri: Systrom ndi Krieger anatulutsa pulogalamu ya nkhani yotchedwa Artifact mu 2023, ndipo pasanathe chaka analengeza zoitseka. Shuttleworth anayamba ndi loto la ubwana. Mu Epulo 2002 analipira pafupifupi $20 miliyoni n'kukwera chombo cha Russia cha Soyuz kupita ku International Space Station. Atabwerako anayambitsa Canonical mu 2004, kampani imene imapanga Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene aliyense amaitenga mwaulere. Shola Akinlade, mmodzi mwa amene anayambitsa Paystack ku Lagos, imene Stripe inaigula mu 2020 pa ndalama zoposa $200 miliyoni, anayambitsa timu ya mpira ya Sporting Lagos mu 2022, kenako anagula gawo la timu ya Aarhus Fremad ku Denmark.

Malonda amene anakhudza mwachindunji anthu a ku Malawi ndi ku Zambia ndi a Celtel. Mo Ibrahim, injiniya wobadwira ku Sudan, anayambitsa kampaniyi mu 1998, nthawi imene amalonda aakulu a ku Ulaya ankaona kuti Africa si malo oikako ndalama za mafoni a m'manja. Mu 2005 kampani ya MTC ya ku Kuwait inaigula pa $3.4 biliyoni. Dzina linasintha kukhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010 pamene Bharti Airtel ya ku India inagula nthambi za mu Africa. Antchito ambiri a Celtel anali ndi masheya, kotero malondawo analemeretsa anthu ochuluka, osati mwini yekha. Ibrahim anakhazikitsa bungwe lake mu 2006, ndipo sanasankhe zomanga zipatala kapena sukulu, koma za ulamuliro wabwino. Bungweli limatulutsa lipoti loyeza mmene maboma a mu Africa akuyendetsera maiko awo, ndipo limapereka mphoto, imene poyamba inali $5 miliyoni pa zaka khumi, kenako $200,000 chaka chilichonse moyo wonse, kwa mtsogoleri wosankhidwa ndi anthu amene walamulira bwino n'kutula pansi udindo nthawi yake itakwana. Woyamba kulandira anali Joaquim Chissano wa ku Mozambique mu 2007, wotsatira Festus Mogae wa ku Botswana mu 2008. Zaka zambiri komiti yosankha yakhala ikulengeza kuti sinapeze woyenera, ndipo chilengezo chimenechi chimamveka kwambiri kuposa mphoto yeniyeniyo.

Kupereka kuli ndi mbali yake ya msonkho, ndipo si kunyoza kunena zimenezi. Ku America munthu akapereka masheya ku bungwe lachifundo malonda asanachitike, salipira msonkho wa phindu pa masheyawo, ndipo mphatsoyo imamuchepetsera msonkho wina. Mu 2010 Bill Gates, Melinda Gates ndi Warren Buffett anayambitsa Giving Pledge, lonjezo loti anthu olemera kwambiri apereke zoposa theka la chuma chawo, ndipo Ibrahim ndi mmodzi mwa amene anasaina. Lonjezoli silimangidwa ndi lamulo, ndipo chuma cha ambiri mwa osaina chakhala chikukula mofulumira kuposa mmene akuperekera. Amene anafikadi pamapeto ndi Chuck Feeney, mmodzi mwa amene anayambitsa masitolo a Duty Free Shoppers. Bungwe lake la Atlantic Philanthropies linapereka zoposa $8 biliyoni, zambiri mwachinsinsi, n'kutsekedwa mu 2020 ndalama zitatha monga anafunira. Feeney anamwalira mu 2023 akukhala m'nyumba ya lendi ku San Francisco.

Nkhani yomaliza ndi ya chuma cha masiye. Ku America boma limatenga mpaka 40 peresenti ya chuma cha womwalira choposa mlingo woikidwa, umene mu 2024 unali $13.6 miliyoni pa munthu mmodzi. N'chifukwa chake maloya amakakamiza oyambitsa makampani, ngakhale achinyamata, kuti alembe wilo ndi kusamutsira masheya ena m'manja mwa matrasti osungira ana mtengo wake usanakwere. Makolo ambiri otere amaopanso kuti ana olandira zonse nthawi imodzi sadzagwira ntchito, choncho amalamula kuti chumacho chiziperekedwa pang'onopang'ono mwana akafika zaka zina.

Zimene zimachitika ngati izi sizinakonzedwe zinaoneka pa Tony Hsieh. Anagulitsa LinkExchange kwa Microsoft pa $265 miliyoni mu 1998 ali ndi zaka 24, ndipo mu 2009 Amazon inagula Zappos, kampani yogulitsa nsapato pa intaneti imene ankaitsogolera, pa mtengo wa pafupifupi $1.2 biliyoni. Anaika $350 miliyoni pa ntchito yotukula chigawo chakale cha mzinda wa Las Vegas, iye mwini akukhala m'kalavani. Mu 2020 anasiya ntchito ku Zappos n'kusamukira ku Park City, ku Utah, kumene anagula nyumba zambiri ndi kuzunguliridwa ndi anthu amene ankawalipira. Atolankhani amene anafufuza miyezi imeneyi analemba za vuto la mankhwala ozunguza bongo ndi kudwala maganizo. Anamwalira mu Novembala 2020 ali ndi zaka 46, atavulala pa moto umene unabuka m'nyumba ina ku New London, ku Connecticut. Abale ake anauza khoti kuti sanasiye wilo. Mapangano ena a ndalama anali atalembedwa pa timapepala tomata pakhoma, ndipo anthu angapo anasuma kufuna kulipidwa mamiliyoni a madola. Mu 2025 kunatulukira chikalata chimene akuti ndi wilo yake ya mu 2015, ndipo khoti la ku Nevada linayamba kuunika ngati chili chenicheni.